Kachete ndi Phiko Lopindika

Kachete anali mtsikana wamanyazi. Mawu ake anali aang'ono. Anali aang'ono ngati a kamwana ka mphaka.

Akayankhula, anthu ankati, "Wati chiyani?"

Akabwereza, ankatinso, "Wati chiyani?"

Ndiye iye ankangokhala chete. N'chifukwa chake anamutcha Kachete.

Koma maso ake sankagona. Ankaona nyerere pakhoma. Ankaona batani lotsala pang'ono kuthothoka. Ankaona zonse, koma osanena.

Kachete ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona Amayi.

Amayi anali namwino. Anapeza ntchito kutali, kutsidya kwa madzi ambiri. Kumeneko kunabadwa mwana wamwamuna. Kachete ankangomuona pa foni. Koma pa foni mwana sanyamulika. Pa foni mwana sanunkhira.

Kachete anatsala ndi Ababa. Ababa anali mmisiri wowongola magalimoto. Galimoto ikagundidwa, ankabwera nayo kugalaja kwawo. Ababa ankatenga nyundo yawo.

Kho! Kho! Kho!

Chitsulo chinkawongoka.

Ababa ankakonda mawu awa: "Chopindika n'chowonongeka. Chopindika chiwongoledwe."

Ankawongola masipuni. Ankawongola misomali. Ankawongola ambulera ya aneba. M'mawa uliwonse ankawongolanso kolala ya Kachete.

Tsiku lina Amayi anaimba foni.

"Sukulu atsekera," anatero Amayi. "Bwerani mudzaone mwana. Mukwere ndege."

"Ndege?" anafunsa Ababa. "Basi kulibe?"

"Basi iyenda pamadzi, bambo a Kachete?"

"Ingathe kuyesa."

Amayi anaseka. "Mantha amenewo!"

"Musandiseke," anatero Ababa. "Khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba."

Atadula foni, Ababa anakhala pampando. Anakanda mutu.

"Ndinakwerapo ndege kalekale," anatero. "Ndinali mnyamata. Inkalira ngati chigayo. Makutu anawawa. Kukhosi kunauma gwa. Mutu unapweteka mpaka mawa lake. Ndinati sindidzakweranso."

Kachete anaimirira. Analowa kuchipinda. Anakoka chikwama chachikulu. Anachiika pamapazi a Ababa.

Ababa anayang'ana chikwama. Anayang'ana Kachete.

"Chabwino," anatero. "Iwe suyankhula, koma umamveka."

Tsiku la ulendo linafika.

Kubwalo la ndege kunali anthu ambiri. Ena ankathamanga. Ena ankakoka zikwama zamateyala. Kachete anagwira dzanja la Ababa.

Mlonda anaona chinthu m'thumba la jekete la Ababa.

"Bambo, nyundo ndi yachiyani?"

"Mmisiri sayenda chimanjamanja," anatero Ababa.

"Zoona," anatero mlonda. "Koma ilowe m'chikwama chachikulu. Ikwera pansi pa ndege."

Ababa anadandaula pang'ono. Nyundo inalowa m'chikwama. Chikwama chinapita chokha pa lamba woyenda.

Kenako anadutsa m'kanjira kotchinga. Kanali ngati paipi yaikulu. Kachete sanaione ndege kunja kwake. Anangopezeka ali pakhomo pake.

Pakhomo panali Anti a mpango wofiira. Ntchito yawo inali kusamalira anthu m'ndege.

"Takulandirani!" anatero Anti. "Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Kachete," anatero Kachete.

Koma pakhomo panali phokoso. Anthu ankayankhula. Zikwama zinkagunda.

"Wati chiyani?" anafunsa Anti.

Kachete anabisala kumbuyo kwa Ababa.

Anapeza mipando yawo. Kachete anakhala pazenera. Zenera linali lalikulu. Mpando unali wofewa. Ababa anakhala pambali pake.

Anamanga malamba. Kete!

Ababa anatulutsa thonje m'thumba. Anaika thonje khutu ili. Anaika thonje khutu ilo.

"Tenga lako!" anakuwa Ababa. Sankadzimva okha. "Chigayo chiyamba posachedwa!"

Anthu ena anacheuka. Kachete anachita manyazi. Anatenga thonje. Analiika m'thumba la diresi.

Ababa anatseka maso. Anagwira mpando mwamphamvu.

Ndege inayamba kuyenda. Inayenda pang'onopang'ono. Kenako inathamanga. Inathamanga kwambiri.

Kachete sanayang'ane kunja. Ankayang'ana nkhope ya Ababa. Ankawasisita dzanja.

Kenako ndege inanyamuka.

Kachete anadikira chigayo. Anadikira. Anadikira. Chigayo sichinabwere.

Injini zinkangoti mmmmm. Zinali ngati munthu woimbira mwana kuti agone.

Tsopano Kachete anayang'ana pazenera.

Anaona nyumba zing'onozing'ono. Anaona misewu ngati ulusi. Anaona mitambo yoyera mbee. Inali ngati thonje la Ababa.

Kenako anaona phiko.

Phiko linali lalitali. Phiko linali loyera. Koma kunsonga kwake, mayo! Linali lopindika. Nsonga inaloza kumwamba.

Kachete anaphethira. Anayang'ananso. Phiko linali lopindikabe.

Ndiponso linkagwedera. Linkakwera pang'ono. Linkatsika pang'ono.

Mtima wa Kachete unagunda. Gu! Gu! Gu!

Anakumbukira mawu a Ababa. Chopindika n'chowonongeka.

Anayang'ana anthu ena. Wina ankagona. Wina ankaonera kanema. Wina ankawerenga. Palibe amene ankayang'ana phiko.

"Woyendetsa ndege amakhala kutsogolo," anaganiza Kachete. "Amayang'ana kutsogolo. Phiko lili kumbuyo kwake. Sanalione. Ndaliona ndekha."

Phiko likawonongeka, ndege sifika. Ndege ikapanda kufika, Kachete saona Amayi. Sanyamula mwana.

Anacheukira kwa Ababa. Awauze?

Maso a Ababa anali otseka. Ababa anali ndi mantha kale. Akaona phiko, mantha achuluka. Ndipo nyundo ili pansi pa ndege.

"Ababa asaone," anaganiza Kachete.

Anafunafuna katani. Pazenera panalibe katani. Anafunafuna chotsekera. Panalibe chotsekera. Panali kabatani kamodzi basi.

Kachete anadina kabatani.

Galasi linayamba kusintha. Linachita mdima pang'ono. Linachita mdima kwambiri. Kenako linangoti bii.

Kachete anadabwa. Zenera lodzitseka lokha!

Phiko linabisika. Kachete anapumira m'mwamba.

Koma mtima sunakhale pansi. Gu! Gu! Gu!

Anadinanso kabatani. Galasi linayera. Phiko linali lopindikabe.

Anadina. Bii.

Anadinanso. Mbee. Lopindikabe.

Kachete anazindikira kanthu. Kubisa si kuwongola.

Anti a mpango wofiira anabwera. Ankakankha kangolo ka zakumwa.

"Umwa chiyani, mwanawe? Madzi kapena juwisi?"

Kachete anatsegula pakamwa. Mawu anafika pakhosi. Anaima pomwepo. Iye anangoloza juwisi.

Anti anamupatsa juwisi. Anamwetulira. Anapitirira.

Kachete anagwira kapu. Sanamwe. Misozi inalengeza m'maso.

"Ndikanena, sandimva," anaganiza. "Angoti, wati chiyani? Anthu onse acheuka. Ena aseka."

Anayang'ana phiko. Linakwera pang'ono. Linatsika pang'ono.

Anaganiza za Amayi. Amayi ali pabwalo, akudikira. Ali ndi mwana m'manja. Amayi ankakonda kumuuza kuti, "Safunsa anadya phula, mwana wanga."

Kangolo kanayamba kubwerera. Kanayandikira. Kanafika. Kanatsala pang'ono kudutsa.

Kachete anacheukira kwa Anti.

"Anti," ananong'ona. "Phiko lapindika."

Kangolo kanaima.

Anti sananene kuti, "Wati chiyani?"

Anti anawerama. "Wati phiko lapindika? Tandionetsa."

Kachete anatong'ola maso. Amumva! Amumva koyamba komwe!

Koma si Anti okha amene anamva. Ababa anadzidzimuka. Mawu oti kupindika ankawamva ngakhale ali m'tulo. Ankawamva ngakhale ali ndi thonje.

"Chapindika n'chiyani?" anakuwa Ababa.

Anazula thonje. Anasuzumira pazenera.

"Mayo ine!" anatero. "Phiko! Ndinanena ine! Nyundo yanga ili kuti?"

"Bambo, mukufuna mutuluke panja?" anafunsa Anti.

Ababa anayang'ana mitambo. "Ayi," anatero. "Ndangofunsa."

Anti sanaseke Kachete. Anagwada pafupi ndi mpando. Anayang'ana phiko bwinobwino.

"Waona zoona," anatero. "Lapindikadi. Tsopano yang'ana mbali inayo."

Kachete anatukula khosi. Ababa anatukulanso khosi. Anayang'ana pazenera la mbali ina. Kumeneko kunali phiko lachiwiri. Nalonso linali lopindika. Linapindika chimodzimodzi.

Ababa anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Tadikirani, ine ndimawongola magalimoto," anatero Ababa. Anayandikitsa mphuno pagalasi. "Palibe khwinya. Utoto sunasweke. Ngozi sipinda mofanana chonchi."

"Ndiye chachitika n'chiyani, Ababa?" anafunsa Kachete.

"Analipinda dala," anatero Ababa. "Analipinda ndi mmisiri. Koma chifukwa chake sindikuchidziwa."

"Chifukwa chake ndikuuzani ine," anatero Anti. "Mwanawe, unaonapo khwangwala akuuluka?"

Kachete anagwedeza mutu. Anali ataona akhwangwala ambiri.

"Nthenga za kunsonga zimatani?"

Kachete anaganiza. Anakumbukira khwangwala wa pa denga la galaja.

"Zimapindikira m'mwamba," anatero.

"Eya! Amisiri anaonera mbalame. Ndege ikamauluka, mphepo imazungulira kunsonga kwa phiko. Imachita kamvuluvulu. Kamvuluvuluyo amakokera ndege m'mbuyo."

"Ngati munthu wokukoka malaya?" anafunsa Kachete.

"Ngati munthu wokukoka malaya. Nsonga yopindika imachepetsa kamvuluvulu. Ndege siivutika. Ikapanda kuvutika, imamwa mafuta ochepa. Imatulutsanso utsi wochepa."

"Mafuta ochepa!" anatero Ababa. "Bwanji osapindanso magalimoto?"

"Magalimoto amapindika okha, bambo," anatero Anti. "Si ntchito yanu imeneyo?"

Ababa anaseka. Aka kanali koyamba kuseka tsiku limenelo.

Koma Kachete anali ndi funso lina.

"Anti, nanga likugwedereranji?"

"Unaonapo nsungwi kukamawomba mphepo?"

"Inde. Imawerama."

"Imathyoka?"

"Ayi. Imadzukanso."

"Phikoli lilinso choncho. Analipanga kuti liziwerama. Mphepo ikalikankha, limalolera. Ndiye ife m'kati muno sitigwedezeka kwambiri."

"Chitsulo chanji chimenecho?" anafunsa Ababa.

"Mbali yaikulu si chitsulo, bambo. Ndi ulusi wolimba kwambiri. Amaluka ulusiwo ngati nsalu. Amaumata, n'kuuma gwa. Ndi wopepuka, koma ndi wamphamvu."

Ababa anagwira pakamwa.

"Ndege yansalu! Nanga ife owongola zitsulo tidzadya chiyani?"

"Mudzaphunzira kusoka, Ababa," anatero Kachete.

Anti anaseka. Ababa anaseka. Bambo wa kumpando wakutsogolo anasekanso. Onse anamva mawu a Kachete.

Kenako Ababa anasiya kuseka. Anatchera khutu. Anayang'ana thonje m'dzanja lawo.

"Kodi chigayo chija chili kuti?" anafunsa.

"Injini zatsopano zilibe phokoso lambiri," anatero Anti. "Amisiri anazifatsitsa."

Kachete anamvetsera. Mmmmm.

Tsopano anamvetsa. Kusukulu kunali phokoso. Kugalaja kunali phokoso. Pakhomo pa ndege panali phokoso. Koma muno munali phee. Ndege inafatsa, ndipo mawu ake anapeza njira.

Ababa anagwira makutu awo. "Sakuwawa," anatero.

Anagwira pakhosi. "Sipanaume."

Anagwira mutu. "Uli bwinobwino."

"Mpweya wa muno anaukonzanso," anatero Anti. "Si wouma ngati wa ndege zakale."

Anti anaimirira. Anagwira phewa la Kachete.

"Wachita bwino kunena," anatero. "M'ndege timafuna anthu amaso. Ukaona chachilendo, uzinena. Chikakhala chabwino, tiseka limodzi. Chikakhala choipa, watithandiza tonse."

"Zikomo, Anti," anatero Kachete.

Kangolo kanapita.

Ababa anayang'ana kabatani ka pazenera. Anayang'ana kapu ya juwisi. Inali yodzazabe.

"Unaliona kale phikoli?" anafunsa.

Kachete anavomera ndi mutu.

"Bwanji sunandidzutse?"

"Munali ndi mantha, Ababa. Sindinafune achuluke."

"Ndiye unasenza mantha ako ndi anga omwe?"

Kachete anayang'ana pansi.

Ababa anamukumbatira. Jekete lawo linkanunkhira sopo ndi oyilo.

"Zikomo, mwana wanga," anatero. "Koma ulendo wina tizigawana. Katundu wa awiri salemera."

Kachete anamwa juwisi wake. Anali wokoma kwambiri.

Ababa sanatsekenso maso. Ankangoyang'ana phiko. Ankapukusa mutu.

"Manja alipo kunja kuno," ankatero. "Taona kusalala kwake."

Kachete anawaphunzitsa kabatani. Ababa anadina. Bii. Anadinanso. Mbee. Anadina. Bii. Anadinanso. Mbee.

"Ababa, muwononga," anatero Kachete.

"Ndikungoyesa ngati kakugwira ntchito," anatero Ababa. Anadinanso kamodzi.

Chakudya chinabwera m'timbale tating'ono. Ababa anadya chawo chonse. Anadyanso buledi wa Kachete. Mantha atachoka, njala inabwera.

Kenako ndege inayamba kutsika. Mitambo inakwera pamwamba. Misewu inakula. Nyumba zinakula.

Mateyala anagunda pansi. Gudu!

Ababa anawomba m'manja. Anawomba okhaokha. Sanachite manyazi.

Pakhomo panali Anti a mpango wofiira. Pambali pawo panali mayi wa chipewa chakuda.

"Awa ndi amene amayendetsa ndege," anatero Anti.

Mayiwo anawerama. "Ndiwe mtsikana wamaso uja?"

Kachete anafuna kubisala kumbuyo kwa Ababa. Koma sanabisale.

"Ndine," anatero.

"Pakakhala vuto, ndegeyi imandiuza yokha," anatero mayiwo. "Koma maso ambiri ndi abwino. Zikomo pondithandiza."

"Zikomo potifikitsa," anatero Kachete.

Anatuluka. Anadutsa pafupi ndi zenera lalikulu la bwalo. Kachete anaima. Kunja kunali ndege yawo. Tsopano anaiona yonse. Mapiko onse awiri analoza kumwamba. Anali ngati manja a munthu wotsanzika.

Kachete anakweza dzanja lake.

"Zikomo, phiko," ananong'ona.

Chikwama chachikulu chinabwera pa lamba. Ababa anachitsegula pang'ono. Anasuzumira.

"Nyundo yafika bwino," anatero. "Yapuma lero."

Anadutsa chitseko chomaliza. Kunja kunali anthu ambiri. Kachete anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Maso ake sanachedwe.

"Amayi!"

Anathamanga. Amayi anagwada. Anamukumbatira ndi dzanja limodzi. Dzanja lina linali ndi mwana.

"Wakula, mwana wanga," anatero Amayi. "Wakula ine kulibe."

Ababa anafika ndi chikwama.

"Mwayenda bwanji, a khwangwala?" anafunsa Amayi.

"Khwangwala wauluka," anatero Ababa. "Ndipo aulukanso."

Anakhala pabenchi. Amayi anaika mwana pamiyendo ya Kachete. Mwana anali wofunda. Anali wolemera pang'ono. Ankanunkhira mkaka.

Amayi anamuvula kachipewa. Ababa anawerama. Anaona mphuno. Anaona timanja. Kenako anaona khutu.

Kunsonga kwa kakhutu kunali kopindika.

"Aa," anatero Ababa. "Kakhutu aka kapindika. Tikawongole."

Chala chawo chinayamba kuyandikira.

"Ayi, Ababa!" anatero Kachete. "Yambani mwaona mbali inayo!"

Mawu ake anamveka benchi yonse. Amayi anacheuka kumbuyo.

"Wayankhula ndani?" anafunsa Amayi.

"Ndine," anatero Kachete.

Ababa anazungulira. Anayang'ana khutu linalo. Nalonso linali lopindika. Linapindika chimodzimodzi.

"Palibe khwinya," anatero Kachete. "Utoto sunasweke. Anakapinda dala."

Ababa anabweza chala. Anachiika m'thumba.

"Zoona," anatero. "Ntchito ya mmisiri iyi. Sitigwirapo."

Amayi sanamvetse, koma anaseka. Anaseka mpaka misozi.

Kachete anawerama. Anayandikira kakhutu kopindika.

"Ndine mchemwali wako," ananong'ona. "Ndabwera pa ndege."

Mwana sanati, "Wati chiyani?"

Anatsegula maso. Anagwira chala cha Kachete. Anachigwira osachisiya.